Zala Zinayi

Malume anga a Zakeyu atamwalira kuno ku Mwansambo
anandisiyira mfuti yowonda ngati mpini wa khasu la mwana
ndi zipolopolo makumi awiri m'kachitini ka mafuta odzola.
Nditazikhuthulira m'manja ndinaseka:
zipolopolo zimenezi, kapena mtedza wosakhwima?
Palibe choposa nsonga ya chala changa chaching'ono.

Ankaitcha tu-tu.
Ankati msomali wake sumenya pakati ayi,
umangogogoda m'mphepete mwa thako la mkuwa,
moto n'kuyambira komweko, kumalire,
monga uyambira moto wolusa wa m'tchire.
Kulira kwake n'kwamanyazi,
ngati wina wathyola phesi kuseri kwa nkhokwe.

Nkhanga zinagwa. Njiwa zinagwa.
Gwape wina ndinamupeza kuseri kwa khutu,
anangopinda miyendo ngati wakumbuka pemphero,
bala lake kuchita kulifunafuna ndi chala muubweya.
Ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako nguluwe ija inkamaliza chinangwa changa.
Ndinaidikira usiku kanayi pachulu,
udzudzu ukundilonjerera ngati ndili nawo ngongole.
Malume ankati: chachikulu usachiyese ndi tu-tu,
ukaphonya ubongo wachipatsa imfa yoyenda wapansi.
Ine ndinaloza paphewa.
Inalira, inazungulira kamodzi, inalowa m'bango.
Madontho atatu a magazi patsamba, basi.

Patapita masiku asanu ntchentche zinandilondolera.
Inagona m'matope a kudambo, mimba ili ngati ng'oma,
itakumba pansi mpaka mphuno kusupuka.
Kabowo kolowera, pensulo yomwe sikanalowa,
koma m'kati kanjere kaja kanayenda ulendo wakewake,
kugunda nthiti, kukhota,
kudutsa m'matumbo ngati mlendo wosochera
wotsegula chitseko chilichonse.
Nyama sinadyeke.
Agalu ananunkhiza n'kutembenuka kuyang'ana ine.

Ndikanaphunzira pamenepo.

Nthawi yokumba mtedza, nkhanga ili pamwamba pa mzere,
ndinaphonya.
Ndinamva kachipolopolo kakuimba mluzu pamwala n'kupita.
Ndinati kagwera muudzu,
kanthu kochepa sikachedwa kutopa.

Masana Nabengo anafika pakhomo atanyamula ndowa,
mawu anawasiya kunyumba.
Mwana wake Ndaziona ankachokera kumjigo,
kutsidya kwa minda itatu ndi bwalo la mpira,
kumene ine sindikanamva ngakhale munthu atakuwa.
Akuti anangomva ng'a! pamutu,
madzi n'kuyamba kutuluka ngati ulusi,
kumutsikira m'khosi, kunyowetsa diresi la sukulu,
iye n'kumaseka, kuyesa anzake amugenda.

Ndinayeza kuchokera pabowo kufika pokhala nkhata.
Zala zinayi.
Ndinayezanso ndi dzanja linalo,
ngati kuti lamanzere lingandikomere mtima.
Zala zinayi.

Nabengo anasiya ndowa pakhonde, anamanga chitenje, anapita.
Akanandilalatira bwenzi ndikugona tulo.

Zatsala zisanu ndi ziwiri m'kachitini.
Ndikagwedeza zimalira ngati mbewu yodikira mvula,
ndipo ndikudziwa tsopano chimene zimamera.
Nguluwe zina zabweranso m'chinangwa,
ndimaziimbira chitini ndi kukuwa usiku wonse,
anthu akuti mlenje wa tu-tu wasanduka mlonda wa mbalame.
Anene.

Ndinawagulira ndowa yatsopano pamsika wa Lachisanu.
Yobooka ndinasunga.
Mkazi wanga akufuna kubzalamo anyezi, ndakana,
akufuna kuimata ndi phula, ndakananso.
Ndimatungira yomweyo,
imadontha njira yonse kuchokera kumjigo,
ndikafika pakhomo theka lapita.

M'mawa Ndaziona akamadutsa ndi makope m'jumbo
amandipatsa moni mwaulemu, atapinda bondo.
Ndimayankha, koma maso anga ali pachipumi chake,
posalala, powala mafuta,
popanda kabowo kosalowa n'pensulo yomwe.